Mmene mungapezere malo a masitazi ya udokotala wa za ndege mutayambira kuno ku Malawi

Chaka chilichonse pamapezeka dokotala wachinyamata amene wangomaliza intenishipu, ma call a usiku amutopetsa, ndiye wamva kuti kunjaku kuli maphunziro otchedwa aerospace medicine, udokotala wa anthu oyendetsa ndege ndi opita kumwamba kwenikweni kuja, mtima n'kuyamba dyokodyoko. Amatsegula Google pakati pa usiku, amadzaza fomu imodzi, amadikira miyezi itatu, kenako zii. Wina amapatsidwa malo koma ndalama palibe, wina ndalama zimaoneka koma transcript yafika tsiku lotseka litadutsa kale. Ambiri amagwa chifukwa choyambira kumchira, amathamangira fomu zinthu zina zonse asanakonze.

Chimodzi mudziwiretu chifukwa chikuthandizani pa sitepe iliyonse: maphunziro amenewa kawirikawiri amakhala m'banja limodzi ndi umoyo wa anthu m'madera. Ku Wright State University ku Dayton, Ohio, pulogalamu yawo imene inayamba mu 1978 inali pansi pa dipatimenti ya Community Health. Ku University of Pretoria ali mu School of Health Systems and Public Health. Ku America satifiketi ya ukatswiriwu imaperekedwa ndi American Board of Preventive Medicine. Payiloti sabwera kwa inu atagonekedwa pa machira, amabwera akuyenda yekha, ali bwinobwino, ndipo ntchito yanu ndi kuona ngati sadzakomoka ali ndi anthu 150 kumbuyo kwake. Ndi ntchito yoteteza gulu basi.

Zoti mukhale nazo m'manja musanayambe

- Digiri ya udokotala, monga MBBS, ndi satifiketi yake yeniyeni osati kalata yongoti munamaliza
- Transcript yonse, chaka choyamba mpaka chomaliza
- Umboni woti munalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndi Certificate of Good Standing, kalata ya Council yotsimikiza kuti mbiri yanu ya ntchito ili bwino (iyi yokha mudzaipemphe mochedwerapo, onani sitepe 3)
- Pasipoti imene sitha ntchito muli pakati pa maphunziro
- Zotsatira za IELTS kapena TOEFL, malinga ndi chimene sukuluyo ikufuna
- CV ya masamba awiri
- Anthu awiri kapena atatu okulemberani reference, mmodzi wokuphunzitsani, wina bwana wa kuntchito
- Imelo yaulemu ya dzina lanu, ija munatsegula muli fomu 3 isiyeni
- Khadi ya banki yotha kulipira pa intaneti mu ndalama zakunja
- Kabuku kapena spreadsheet yolembamo masiku otseka
- Miyezi 12 mpaka 18. Ichi ndiye chida chimene anthu amachiiwala

1. Yambani mwadziwa ntchito imene mudzabwerere kudzagwira

Musanayang'ane sukulu ngakhale imodzi khalani pansi mudzifunse kuti ndikabwerako ndizidzatani Lolemba m'mawa. Kuno ntchito zenizeni zilipo zingapo. Yoyamba ndi kuyeza oyendetsa ndege ndi owongolera ndege ali pansi. Malamulo a ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege pa dziko lonse, mu Annex 1, amagawa ziphaso za umoyo patatu: Class 1 ya oyendetsa ndege zamalonda, Class 2 ya oyendetsa ndege zawozawo, Class 3 ya aja amakhala mu tawala kuwuza ndege kuti tera kapena dikira. Wa Class 1 amayezedwa miyezi 12 iliyonse, ena pakatha miyezi 6 malinga ndi zaka ndi mtundu wa ntchito, ndiye makasitomala ake ndi obwerezabwereza. Yachiwiri ndi umoyo wa pa zipata zolowera m'dziko, pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la Chileka, kumene malamulo a WHO a International Health Regulations a 2005 amafuna kuti pakhale dongosolo loimitsa matenda. Nthawi ya Covid tonse tinaziona ndi maso. Yachitatu ndi kunyamula odwala pa ndege, monga amene amatumizidwa ku Johannesburg kapena ku India. Palinso ya asilikali kwa amene muli kale m'yunifomu.

Chenjezo: ngati yankho lanu ndi loti ndikufuna kukagwira ku NASA, dziwani kuti ntchito zambiri za kumeneko zimafuna nzika za America. Malotowo sungani, koma musamangirepo fomu ya sikolashipu, chifukwa opereka ndalama amafuna kumva za kwanu.

2. Sankhani njira, ndipo musasankhe imodzi yokha

Apa ndi pamene ndichedwepo chifukwa njirazi zimasiyana kwambiri.

Britain. King's College London imaphunzitsa madokotala aerospace medicine pa mlingo wa dipuloma ndi MSc, ndipo kosi yawo imakonzekeretsa munthu mayeso a Diploma in Aviation Medicine, amene anthu amangoti DAvMed, operekedwa ndi Faculty of Occupational Medicine. Pepala limeneli limadziwika m'maiko ambiri. Alinso ndi makosi aafupi, basic ndi advanced, a anthu ofuna kungokhala oyeza ma payiloti. Kuipa kwake ndi mtengo, fizi ya mlendo kuphatikiza lendi ya ku London, popanda sikolashipu musadzinamize.

South Africa. University of Pretoria ndiyo yapafupi, ulendo wake ngakhale pa basi mukafika, ndipo ku Centurion komweko kuli Institute for Aviation Medicine ya asilikali a zaumoyo a dzikolo. Kwa ine iyi ndiye njira yoyamba kuifufuza kwa munthu wa kuno, chifukwa matenda amene amakambirana m'kalasi, HIV, TB, malungo, shuga, BP, ndi omwewo mudzawapeze mwa ma payiloti a ku Lilongwe.

New Zealand. University of Otago imaphunzitsa aviation medicine munthu ali kwawo, pa intaneti, pang'onopang'ono uku akugwira ntchito. Zabwino kwa amene ali ndi banja ndipo sangachoke, koma werengerani nthawi, kumeneko ali patsogolo pathu ndi maola 10 kapena 11, ndiye kalasi ikhoza kukupezani nthawi imene ena akugona, magetsi atathima, bandulo itatha.

America. University of Texas Medical Branch (UTMB) ku Galveston, Texas, imene imagwira ntchito limodzi ndi Johnson Space Center ya NASA, ndi Mayo Clinic ku Minnesota, ali ndi maphunziro a ukatswiri. Koma khomo lake ndi lalitali, mayeso a USMLE opezera chilolezo cha udokotala ku America, satifiketi ya ECFMG ya madokotala ophunzira kunja kwa dzikolo, kenako kugwirako kaye maphunziro a m'chipatala cha komweko. Zimenezo ndi zaka, osati miyezi.

India nayo ili ndi Institute of Aerospace Medicine ku Bengaluru, ya asilikali a m'ndege, imene imapereka MD.

Nanga anamwino ndi ma clinical officer? Makosi ambiri amene ndatchulawa amafuna digiri ya udokotala. Njira yanu yowongoka ndi MPH, masitazi ya umoyo wa anthu m'madera, ngakhale pompano pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), n'kusankha kafukufuku wokhudza umoyo wa pa bwalo la ndege kapena kunyamula odwala. Madokotala nanunso musaipeputse MPH, nthawi zina kuyamba nayo kenako n'kuwonjezera kosi yaifupi ya za ndege kumatchipa kuposa kulimbana ndi London.

Chenjezo: mapulogalamu amenewa ndi ang'onoang'ono, amatenga anthu ochepa, ndipo amatha kuimitsidwa kapena kusinthidwa dzina tsamba lakale likadali pa intaneti. Lembani imelo yaifupi kwa woyang'anira kosi mufunse zinthu zitatu: kodi mukutenga ophunzira chaka chikubwerachi, kodi mumalandira alendo, kodi kosi imayamba mwezi uti. Musalipire kalikonse asanayankhe.

3. Thamangitsani mapepala tsopano, osati mawa

Transcript ndi imene imapha anthu. Pemphani msanga, ndipo mufunse ngati sukulu yakunjayo ikufuna kuti itumizidwe mwachindunji kuchokera ku yunivesite yanu, chifukwa ena salandira yodutsa m'manja mwanu. Amene munaphunzira pa College of Medicine nthawi imene inali pansi pa University of Malawi, kumbukirani kuti kuyambira 2021 malowo ndi KUHeS, ndiye satifiketi ikhoza kukhala ndi dzina lina, transcript dzina lina. Munthu wa ku London kapena ku Dunedin, kumene kuli Otago, sadziwa mbiri imeneyo, mufotokozereni m'chiganizo chimodzi kapena pemphani kalata kwa registrar.

Ofuna ku South Africa, mapepala anu ayenera kudutsa ku SAQA, bungwe la dzikolo loona za ziphaso za maphunziro, kuti awaunike, ndipo zimatenga nthawi. Funsaninso ngati kosi yanu ikufuna kulembetsa ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala la dzikolo.

Certificate of Good Standing isathamangiridwe kwambiri. Imakhala ndi moyo waufupi, mabungwe ambiri amafuna yaposachedwa, ndiye ipempheni tsiku lotumiza likayandikira, koma onetsetsani lero kuti ku Council mulibe ngongole ya fizi ya pachaka.

Chenjezo: mayina. Ngati pa MSCE munalembedwa mayina awiri, pa digiri atatu, pa pasipoti dzina la amuna anu, konzani affidavit kwa loya kapena commissioner for oaths. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumatha kuimitsa fayilo yonse. Ndipo sikanani bwino, chithunzi cha foni chokhala ndi chala chanu m'mphepete ndi mkeka kumbuyo chisapite.

4. Lembani mayeso a Chingerezi

Inde munaphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 5, komabe funsani. Mayunivesite ena amalola kalata yotsimikiza zimenezo, ena ayi. Zotsatira za IELTS zimagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo sukulu zambiri siziyang'ana chiwerengero chonse chokha, zimayang'ananso gawo lililonse. Madokotala ambiri amagwera pa kulemba, tinazolowera manotsi a mu wodi odula mawu. Yesererani ndi wotchi pambali.

5. Pezani kanthu kokhudza ndege kokaika pa CV

Owerenga mafomu amaona anthu ambiri olemba kuti ndimakonda ndege kuyambira ndili mwana. Chowasiyanitsa ndi chimene wachitapo. Fufuzani kudzera ku ofesi yoyang'anira za ndege kuti ndi madokotala ati ovomerezeka kuyeza ma payiloti, mupemphe kukhala nawo masiku angapo muone mmene amayezera maso, mitundu pa makadi a Ishihara, makutu pa audiogram, ndi ECG. Pitani kwa a port health, aja oona za umoyo pa zipata zolowera m'dziko, pa bwalo la ndege mucheze nawo. Ngati chipatala chanu chikutumiza wodwala kunja, dziperekeni kumuperekeza, kenako mulembe zimene munaona osatchula dzina lake. Kafukufuku wamng'ono, ngakhale audit ya odwala sickle cell kapena a mtima amene anapempha kalata yokwerera ndege, imalemera kuposa ndime zitatu za kukonda ndege.

Koperani buku la ICAO lotchedwa Manual of Civil Aviation Medicine, Doc 8984, muwerenge ngakhale mitu ingapo. Dziwaninso za CAPSCA, dongosolo la ICAO lolimbana ndi miliri kudzera m'maulendo a ndege, chifukwa pamenepo ndi pamene ndege ndi umoyo wa anthu zimagwirana chanza.

Chenjezo: kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafuna chilolezo cha komiti yoona za ethics, monga COMREC kapena NHSRC. Musatole deta kaye n'kumapempha chilolezo pambuyo.

6. Lembani personal statement yonena za kwanu

Yambani ndi vuto lenileni limene munaliona. Mwachitsanzo funso loti munthu amene anali ndi TB angakwere liti ndege, poti malangizo a WHO amayang'ana kwambiri maulendo a maola 8 kapena kuposa. Kapena payiloti amene akuuluka m'dera la malungo, pomwe mankhwala ena oteteza monga mefloquine saloledwa kwa oyendetsa ndege chifukwa amatha kusokoneza mutu. Kapena payiloti amene ali pa ma ARV, ali bwinobwino, ndipo pakufunika dokotala wodziwa malamulo kuti asamuchotse ntchito pachabe komanso asaike anthu pangozi. Nkhani ngati zimenezi munthu wa ku Ulaya sangazilembe bwino kuposa inu.

Kenako nenani chifukwa chimene mwasankhira kosi imeneyo, mutchule ma module ake enieni, pomaliza nenani chimene mudzachite zaka ziwiri kapena zitatu mutabwerako. Zoti ndidzasintha Africa yense zisiyeni. Nenani zoti anthu angathe kuziona, monga kukhala woyeza wovomerezeka, kuphunzitsa a port health, kulemba ndondomeko yonyamulira odwala pa chipatala chanu.

A reference apatseni mwezi wathunthu, CV yanu, ndi tsiku lotseka limene mwalibweza m'mbuyo ndi sabata imodzi. Bodza laling'ono limeneli Mulungu akhululuka. Auzeninso agwiritse imelo ya kuntchito, ndipo ayang'ane mu spam chifukwa linki yotumizira kalata imakonda kubisala mmenemo.

Chenjezo: musakope ya mnzanu, ndipo musangopatsa makina akulembereni yonse. Pa intavyu adzakufunsani za chiganizo chimene simukuchidziwa n'komwe.

7. Sakani ndalama nthawi imodzi ndi malo

Ambiri amadikira kalata ya malo kenako ndi pamene amayamba kusaka sikolashipu, n'kupeza kuti inatseka miyezi isanu yapitayo. Ziwirizi ziziyenda limodzi ngati ng'ombe za pa ngolo.

Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, zimene amaziwerenga ngati maola 2,800, musankhe makosi atatu, ndipo mulonjeze kubwerera kwanu zaka zosachepera ziwiri. Mafomu amatsegulidwa cha mu Ogasiti. Koma apa pali msampha: imalipira masitazi ya chaka chimodzi, yophunzira nthawi zonse, yoyamba cha mu Seputembala kapena Okutobala. Dipuloma kapena kosi yoyamba Januwale siilowa mmenemo, n'chifukwa chake ndinati mufunse mwezi woyambira pa sitepe 2. Commonwealth Scholarship nayo ilipo, ndipo zina mwa izo zimadutsa ku bungwe losankha la m'dziko muno, ndiye tsiku lawo lotseka limatha kukhala losiyana ndi la ku London. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, mpikisano wake ndi wa maiko atatu basi, koma onani ngati yunivesite yanu ili pa mndandanda wawo. Fulbright imadutsa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Musaiwalenso abwana anu omwe, kampani ya ndege, asilikali kapena boma, amene angakulipirireni kosi yaifupi chifukwa akufuna woyeza wawo.

Odzilipirira nokha, werengerani mu ndalama ya dziko limene mukupita, osati mu kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anasunga fizi yawo mu kwacha anadzuka ili yoperewera. Foreksi ku banki imafunanso invoice ndi kudikira, yambani msanga.

Chenjezo: aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti tumizani kangachepe ndikupezereni sikolashipu ndi wakuba. Mafomu a sikolashipu zimene ndatchulazi salipiritsa.

8. Viza ndi tchuthi cha kuntchito

Ya Britain imafuna nambala ya CAS yotsimikiza kuti yunivesite yakupatsani malo, satifiketi ya kuyezedwa TB ku chipatala chimene iwo anavomereza osati chilichonse, ndi ndalama ya inshuwalansi ya zaumoyo. Ngati mukuonetsa ndalama zanu, ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika pa mlingo wofunikawo ngakhale tsiku limodzi, ndiye zija zobwereka kwa amalume Lachisanu n'kubweza Lolemba sizigwira. Ya South Africa imafuna medical aid yolembetsedwa m'dziko lomwelo, ndipo musasokoneze kulowa ngati mlendo wongocheza ndi viza ya maphunziro.

Ogwira m'boma, study leave ikhale yolembedwa ndi yosayinidwa musanakwere ndege. Werengani bond yonse, zaka zingati, ndipo mukaphwanya mubweza zingati.

9. Tenthetsani mutu musananyamuke

Physiology imene munaiika pashelefu chaka chachiwiri ibwezeni, makamaka malamulo a mpweya ndi oxygen dissociation curve. Mkati mwa ndege ya anthu mpweya umasungidwa ngati muli pamtunda wa mafiti 6,000 mpaka 8,000, mafiti a muyeso, osati a lichero aja. Mafiti 8,000 ndi pafupifupi mamita 2,400, ngati muli pamwamba pa Nyika, ndipo Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002, ndi wokwera kuposa pamenepo. Munthu wabwinobwino samva kanthu, koma wa magazi ochepa kwambiri, wa sickle cell kapena wa mapapo ofooka akhoza kuvutika. Mpweya wotsekeredwa m'thupi umafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake wa pneumothorax, mpweya wotsekeredwa m'chifuwa kunja kwa mapapo, kapena wongochitidwa opaleshoni ya m'mimba sakwezedwa mwachisawawa. Ndege ikataya mpweya ili pa mafiti 35,000 munthu amakhala ndi masekondi 30 mpaka 60 okha akuganiza bwino, ndiye mukamva akuti valani masiki yanu kaye musanathandize mwana, si nkhanza. Bwerezaninso statistics ndi epidemiology, mbali ya umoyo wa anthu imadalira zimenezo ndipo madokotala ambiri amazizemba.

Makosi ena amalowetsa ophunzira mu chipinda chochepetsa mpweya kapena pa makina ozunguza aja a centrifuge, ndipo amayamba akuyezani. Ngati muli ndi vuto la makutu, mtima, mphumu kapena sickle cell trait, nenani poyambirira.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutumiza fomu tsiku lomaliza. Netiweki imadziwa tsiku limenelo, magetsinso amalidziwa. Onaninso kuti nthawi yotseka ndi ya dziko lawo, 12 koloko masana ya ku London si 12 koloko ya ku Blantyre.

Kuganiza kuti digiri yokha ikupangani kukhala woyeza ma payiloti. Chilolezocho chimaperekedwa ndi ofesi yoyang'anira za ndege ya dziko, ndipo ili ndi zofuna zake. Afunseni musanapite kuti amavomereza maphunziro ati, mungadzabwere ndi pepala lokongola lopachika pakhoma basi.

Kusiyiratu ntchito ya m'chipatala. Ma payiloti kuno ndi ochepa, kuyeza kokha sikungadzaze sabata, ambiri amaphatikiza ndi occupational health (umoyo wa anthu pa ntchito), kliniki kapena kuphunzitsa. Registration yanu ku Council isafe muli kunja.

Kutumiza personal statement imodzi ku masukulu onse, mpaka kuiwala kusintha dzina, ya ku Otago ikutamanda King's.

Kubisa chaka chimene munabwereza kapena mpata umene uli pa CV. Transcript idzanena yokha, bola mufotokoze nokha m'mizere iwiri.

Kusawerengera banja. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira masitazi wamba ku Britain ambiri saloledwa kutenga akazi, amuna kapena ana pa viza yawo, kupatula a maphunziro a kafukufuku ndi ena olipiriridwa ndi boma. Kambiranani kunyumba fomu isanapite, osati tikiti itagulidwa.

Kukhumudwa ndi kukanidwa koyamba n'kufufuta chilichonse. Sungani foda yonse pa Google Drive ndi pa flash, lembani tsiku limene IELTS yanu ithere ntchito, ndipo ngati sukuluyo imalola, funsani mwaulemu chimene chinaperewera kuti Ogasiti wotsatira mudzangokonza pomwepo.